Mpando Wakutsogolo M'kalasi Mwanga

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti mtima wanga sukukhazikika, ndipo ndilibe wina womuuza koma inu.

Pasukulu pathu pabwera mphunzitsi wina wa fizikisi, kamtsikana kongochoka kumene ku koleji. Ahedi anagawa ana a fomu yomaliza pawiri, ena kwa ine, ena kwa iye. Mwana wanu, wachisamba wanga uja, anagwera kwa ine, ndipo ndinanyadira.

Mukudziwa mmene ndimaphunzitsira za mafunde akakumana. Ndimatambasula chingwe pakhonde, ana awiri n'kugwira uku ndi uku, n'kugwedeza nthawi imodzi. Vuto lake, mafundewo amathamanga ngati mbava, ukangophethira basi adutsana. Ndimafunsa ngati aona, onse n'kuvomera, ine n'kupitirira. Zaka zonsezi palibe anadandaulapo.

Mnzathuyu satuluka n'thukuta lomwe. Amalowetsa ana m'chipinda cha makompyuta, aliyense n'kudzipangira mafunde ake pagalasi, kuwayendetsa pang'onopang'ono, kuwaimitsa pomwe akumana. Mafunde awiri okwera akakumana amasanjikizana n'kutalika. Lokwera likakumana ndi lotsika, mzere umawongoka ngati palibe kanthu. Tsiku lina ndinasuzumira pawindo, ndinkangodutsa, musaganize zina. Ana ankalimbirana mipando, kukangana, belu osalimva. Kwanga belu likalira amatsala pang'ono kundiponda. Ndipo pakona, achemwali, panali mwana wanu, atalowa mozemba.

Madzulo ndikusita, anabwera nkhope ili mwee.

"Amayi, mumadziwa kuti mafunde akafafanizana safa? Amadutsana, lililonse n'kupitirira mmene linalili."

Ati mumadziwa! Mawu omwewo ndinawalemba pabolodi sabata yatha, iye ali pampando wakutsogolo. Pang'onong'ono ndikanawotcha malaya.

Ndi nsanje, sindikana, ndipo ikundidya. Mtsikanayo akanakhala wamwano bwenzi zikundipepukira, koma ndi waulemu, mpaka anandipempha ndimubwereke chingwe kuti ana aonenso zenizeni. Ndinamuuza kuti chinasowa. Chili pansi pa bedi.

Kenako mwana wanu anakapempha ahedi kuti asamukire kalasi inayo. Ahedi anandiitana, nati ndiyankhe monga kholo, osati monga mphunzitsi. Chino ndi chaka cha mayeso, ndipo ndikudziwa kumene akumva bwino. Ndinavomera, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Pampando wake sindinalole wina kukhalapo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi musawauze zimenezi, angandiseke. Mwana wanu naye akupereka moni, ndipo wandituma ndikuuzeni kuti wasankha: akufuna adzakhale mphunzitsi wa fizikisi ngati aphunzitsi ake. Sindinamufunse kuti aphunzitsi ake ati.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mayi wa mwana wanu