Bambo Asankha Sabuwufa ndi Zikhatho

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu ndi ana onse pakhomopo. Mwendo uja unkakuvutani, kodi kutupa kunatsika? Musandiyankhe kuti uli bwino pongofuna kunditonthoza, ndimakudziwani. Ife kuno tadzuka. Ana akupita kusukulu, alamu anu akuyendetsabe basi yomwe ija, ine ndikadali kochapa zovala kuja, manja akusendeka ndi sopo monga mwa nthawi zonse.

Ndikudziwa kuti kalata yanga yapita ija inakulizani. Ndinailemba mtima uli m'mwamba, ndipo sindinasankhe mawu. Lero ndikulemba ndikupuma bwino, choncho khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kugwira njakata.

Mukukumbukira mmene zinalili. Chibwerereni Bambo kuno kudzaonana ndi dokotala wa makutu, chiyembekezo chathu chonse chinali pa timakina toika m'makutu tija. Atawayeza, dokotala anatiuza mosabisa kuti matenda aja anawononga m'kati kwenikweni, timakinato tingothandiza pang'ono pokha. Bambo anativala masiku owerengeka n'kutiponya m'kabati, akuti timangowalirira ngati udzudzu. Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa. Munthu uja tinkamumva akadali kutsidya kwa msewu, amene wakalamba akuimba gitala ya besi m'maukwati a anthu, anasanduka wongogwedeza mutu. Ankachita manyazi kuti akamalankhula amakuwa osadziwa, adzukulu n'kumaseka. Chakudya ankangolawa. Ndikawalembera papepala kufunsa chimene akufuna, yankho linali limodzi lokha, loti ndiwakweze basi akafere kwawo. Ine ndinkadziwa kuti akangofika kumeneko adzadzitsekera m'nyumba muja okhaokha inu muli kuntchito, ndipo sitikhala nawo nthawi yaitali.

Ndiye Loweruka lina masana ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza mpando wawo wa pawindo uli wopanda munthu. Nsapato palibe, chipewa palibe. Achemwali, tangoganizani. Munthu wosamva ngakhale hutala ya lole, m'misewu ya kuno mmene galimoto siziona nkhope ya munthu. Ine ndinathamangira kudepoti ya mabasi, alamu anu analowera chakumsika. Ndinafunsa ogulitsa matikiti, ndinasuzumira m'basi iliyonse, koma ayi ndithu. Ndili m'njira yobwerera, ndikuganiza kale mawu amene ndikuuzireni, foni inalira. Anali alamu anu. Anati ndifike pamzere wa masitolo ogulitsa mawailesi, ndipo ndisathamange chifukwa palibe choipa.

Ndinawapeza Bambo ataimirira pakhonde la sitolo, zikhatho zonse ziwiri ataziika pa chisipika chachikulu chimene eni ake amachitulutsa panja kuti chiziitana ogula. Maso anali atatsinzina, phazi likugunda pansi. Mwini sitolo anati akhala pamenepo nthawi ndithu, anayesa kuwalankhula osayankhidwa, ndiye anangowaleka poona kuti sakuba kanthu. Nditawagwira paphewa anatsegula maso n'kundiuza mokuwa, msewu wonse ukumva, kuti woimba besi m'nyimboyo akuthamanga ngati wasiya mphika pamoto, ng'oma akuzisiya m'mbuyo. Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba athunthu pa miyezi yonseyi, ndipo anali odzudzula munthu. Ndi Bambo athu amenewo. Ndinaseka, kenako ndinalira pomwepo pamaso pa anthu, osasamala kuti akundiona ndani.

Chinthucho amachitcha sabuwufa. Ndi chibokosi chokhala ndi sipika imodzi yaikulu, chotulutsa mawu a pansi okhaokha, a besi ndi ng'oma, aja amakugunda pachifuwa galimoto ya achinyamata ikamadutsa. Chili ndi ampu yakeyake yokuzira mawu m'kati, ndiye chimangofuna magetsi ndi waya wochokera kuwailesi. Makutu a Bambo anafa, koma manja, mapazi ndi nthiti zikadali zamoyo, ndipo mawu amenewa amadutsira mmenemo.

Apa tsono museke. Mukudziwa kuti alamu anu akhala akulirira chinthu chimenechi chikwatiraneni, ine n'kumawakaniza kuti nyumba yanga si malo omwera mowa. Tsiku limenelo njira yonse ankangoyenda akumwetulira okha. Ndine ndinayambitsa nkhani yoti tigule chathu titafika kunyumba, ndipo anandisiya ndimalize kupempha kwanga konse, akunamizira kuganiza mozama, kuti amve kukoma. Ndinawalekerera, linali tsiku lawo.

Kokasankha tinapita atatu. Wogulitsa anayamba kutiyalira manambala a mphamvu ya chilichonse, alamu anu maso ali pa china chonyezimira, chokhala ndi timagetsi tamitundumitundu tozungulira. Bambo sankamva ngakhale liwu limodzi pa zonsezo. Anangouza wogulitsa kuti aike nyimbo imodzi yomweyo pa chilichonse, iwo n'kumayenda pang'onopang'ono akuika chikhatho pamwamba ndi m'mbali. Chonyezimiracho anachikana msanga, akuti ndi chikomekome cha mkuyu, chikungonjenjemera ngati malata, mawu onse akutuluka ngati amodzi. China anati matabwa ake ndi opyapyala, akulira okha kuposa nyimbo. Anakaima pa chakuda chimene chinali pakona chitatuwa ndi fumbi, n'kunena kuti ichi chokha ndicho chikusiyanitsa nsambo ndi nsambo inzake. Wogulitsa anavomereza kuti ndi chabwinodi, kungoti anthu amachilambalala chifukwa chilibe zokongoletsa. Kulemera kwake, alamu anu ndi mwini ngolo imene inatinyamulira anachita kupumira pamasitepe a kunyumba. Mtengo musandifunse. Makatani amene ndinkafuna aja adikira chaka china.

Koma walira mvula walira matope. Paja ife timakhala m'nyumba yosanja, chipinda cha pamwamba, ndipo pansi pathu pali mayi wina, namwino, amene amagwira ntchito usiku n'kumagona masana. Alamu anu anachiika chibokosicho pakona ya pabalaza, n'kukweza mpaka mapeto kuti Bambo achimve ali pampando wawo wa pawindo. Makapu m'kabati anayamba kuvina, chithunzi cha malemu Mayi chinapendekeka pakhoma, mwana wanga wamng'ono anatseka makutu n'kuthawira kuchipinda. Nyimbo isanathe namwino anagogoda, maso ali psuu ndi tulo. Sanatukwane. Anangonena kuti denga lake likuyoyolera fumbi pabedi, ndipo zikachitikanso apita kwa eni nyumba. Mukudziwa mmene nyumba zikuvutira kupeza kuno. Ndinadziona ndili pamsewu ndi katundu ndi ana, apo ayi chibokosicho chikubwerera kusitolo, Bambo n'kutsekanso pakamwa. Zonse ziwiri zinandiopsa chimodzimodzi.

Ndinatsikira kwa namwinoyo tsiku lotsatira atadzuka, n'kumufotokozera zonse osabisa kanthu, mpaka nkhani ya basi yokafera kwawo ija. Nditamaliza anati akwera adzaone yekha. Atawayang'ana Bambo ali gwa pabokosipo ndi manja awo, anatifunsa chifukwa chimene tikugwedezera nyumba yonse pamene wofunika kugwedezeka ndi munthu mmodzi. Anatikalipiranso pang'ono za makutu a ana, kuti tikapitiriza choncho tidzakhala ndi ogontha atatu m'malo mwa mmodzi. Sindinakwiye, ankanena zoona.

Alamu anu nzeru zinawabwerera pamenepo. Anakatenga thabwa lalikulu lokhuthala kwa kalipentala wa pamsewu wathu, n'kubweranso ndi zidutswa za matayala akale kuchokera kugalaja kwawo. Matayalawo tinayala pansi, thabwa pamwamba pake, kenako sabuwufa ndi mpando wa Bambo zonse pathabwa lomwelo, zitagundana. Tinachichotsanso pakona paja, chifukwa tinaona kuti chikayandikira makoma mawu amakula n'kumayenda ndi khomalo mpaka pansi. Tsopano chili pakati penipeni pa balaza, ndipo zala zanga zakuphazi zachidziwa kale.

Kuyesa kwake kunali ngati sewero. Namwino anakagona pabedi pake pansipo foni ili kukhutu, ine ndili nayo inayo pamwamba, alamu anu akupotokola kokwezera pang'onopang'ono, Bambo ali pampando atavula nsapato, mapazi pathabwa. Bambo anakweza dzanja kusonyeza kuti afikidwa, namwino asanamve kanthu n'komwe. Tinakwezabe pang'ono mpaka iye anati basi, apo payamba kumveka. Pakati pa malo awiriwo ndinadonthezapo penti wa m'zikhadabo wofiira, ndipo lamulo la m'nyumba muno ndi lakuti kadontho kameneko sikadutsidwa. Alamu anu akudandaula kuti m'tauni muno ndi iwo okha ali ndi sabuwufa yaikulu chonchi yolira motsika kuposa foni. Namwino anawamvera chisoni, amawalola kukwezako pang'ono tsiku limene iye akupuma, ndipo nthawi zina amakwera yekha kudzakhala nafe. Ndapezerapo mnzanga, ine amene chaka chonse ndinkangopatsana naye moni wa pamasitepe.

Bambo tsopano akudya, mpaka kupempha choonjezera. Akulankhula, akukuwabe, koma adzukulu akaseka nawonso amaseka. Mwana wanga wamkulu amamukhazika pathabwapo pambali pawo, n'kumamugunda pabondo ndi chala kuti adziwe pamene besi ikulowera. Oimba onse a masiku ano awaweruza kale, palibe ndi mmodzi yemwe amene wakhoza mayeso.

Sindikunamizeni kuti achira. Makutu ndi omwe aja. Pali masiku amadzuka osafuna kanthu, ndipo masiku otero timangowasiya. Mkati mwa sabatayi alamu anu anaika nyimbo yakale ija Mayi ankaikonda pochapa. Bambo anaizindikira ndi mapazi isanapite patali, n'kuyamba kugwetsa misozi, akuti njira yake akuiona yonse koma woyendamo sakumumva. Ndinakhala nawo pansi pathabwapo mpaka inatha. Zinandiwawa kwambiri, komabe ndinaona kuti kulira kotero n'kwabwino kusiyana ndi kukhala duu kuja.

Tsopano pempho langa. Dzana Bambo anandiuza kuti atangogontha anakulamulani kuti mugulitse gitala yawo, asadzaionenso. Anandifunsa mwamanyazi, maso ali pansi, ngati ndikudziwa amene anaigula. Koma inu achemwali ndimakudziwani, simutaya ngakhale botolo lopanda chitsekero. Ndikukhulupirira kuti ili pamwamba pa kabati kapena kunsi kwa bedi lanu, itakulungidwa m'bulangete. Ngati ndalondola, chonde ipatseni dalaivala mnzawo wa alamu anu, uja wa ndevu amene anakubweretserani mankhwala ulendo wapita. Ndi munthu wosamala. Wokonza mawailesi wa pafupi nafe wati pali kabokosi kakang'ono kolumikizira gitala ku sabuwufa, moti Bambo azimva m'mapazi chimene zala zawo zikuchita. Ngati munaigulitsadi, musadziimbe mlandu, munachita zimene anakuuzani. Mungondiuza ine ndekha, ndidzaona mowafikira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa chofolera denga la nyumba ya Bambo mvula isanayambe. Moni kwa ana anu onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso, alimbikire. Musaiwale azakhali, muwawerengere kalatayi koma mudumphe za makatani, angandinene kuti sindidziwa kusunga nyumba. Amalume ndi akazi awo muwauze kuti tili bwino. Alamu anu ndi ana kuno akupereka moni wambiri.

Ndimati nditseke pamenepa, koma Bambo andiimirira kumbuyo. Masiku ano maso awo sadutsidwa ndi pepala lililonse, ndipo aona mawu oti gitala. Ndachita kuphimba ndi dzanja mizere yotsiriza ya ndime imeneyo. Ati ndikuuzeni kuti mumasuleko nsambo pang'ono isananyamuke, ndipo dalaivalayo asaiike kunsi kwa matumba a anthu. Atafika pakhomo la kuchipinda atembenuka, ati muikemonso jekete yawo yokhuthala ija, ya nyengo yozizira.

Achemwali, kuno kukutentha moti tikugona mawindo ali pululu. Kuzizira kukadali kutali kwambiri. Jeketeyo musaiiwale.

Ndine mng'ono wanu,
mzime wa m'nyumba mwathu.