Khomo Sindinaliyeze

Lachiwiri, 4 Juni

Lero ndayamba kuyeza ndekha. Bungwe lathu limapereka njinga kwa anthu olumala, ndiye Apampando andipatsa tepi ndi fomu. Wanga woyamba ndi Atelala, mayi wa msinkhu wa amayi anga. Miyendo inafota ali mwana. Amayenda pa kathabwa ka matayala anayi kamene anawakhomera malemu amuna awo. Chiuno, ntchafu, msana, zonse ndalemba. Pobwerera kudzimva ngati dokotala.

Loweruka, 22 Juni

Tsiku lopereka njinga. Zithunzi, kuwomba m'manja, zolankhula zosatha. Atelala panjinga yatsopano, mano onse panja. Kathabwa ndanyamula ineyo kukatsekera m'chipinda cha katundu. Lamulo lathu limati chakale chitsale, munthu asabwererenso pansi. Atelala anakacheukira kawiri. Sindinafunse.

Lachitatu, 26 Juni

Ndinapita kukawaona Atelala. Njinga ili panja, yomangirira kumtengo, yofunditsidwa pulasitiki. Siikulowa m'nyumba. Khomo lachepa ndi zala zitatu basi. Munthu ndinamuyeza, khomo ayi. Pafomu palibe mzere wa khomo.

M'nyumba akukwawa ndi manja, kuchoka pabedi kukafika pamakina osokera. Zikhatho matuza okhaokha, pamene makina awo ndi opukusa ndi dzanja. Mayunifolomu a ana asukulu ali mulu pampando, eni ake akuwafuna Lachisanu la sabata yamawa. Akalephera, ntchitoyo ipita kwa wina.

Anati, "Musadandaule mwanangu, njokongola." Bola akanandikalipira. Safunsa anadya phula, koma phula langali akudya ndi iwo.

Lachisanu, 28 Juni

Mwininyumba wakana kukulitsa khomo, akuti nyumba yake si ya bungwe. Apampando akuti tidikire msonkhano wa mwezi wamawa. Akutinso kathabwa kakabwerera kwa Atelala, otithandiza adzati njinga zawo timangowononga. Ine ndangoti chabwino, ndi kumwetulira komwe. Ndikudzida.

Lolemba, 1 Julayi

Kiyi wa chipinda chija amakhala ndi ine. Masana ndatulutsa kathabwa, ndakakulunga m'thumba ngati wakuba. Mwina andichotsa m'bungwe. Ndinatha zaka ziwiri ndikulakalaka kulowamo.

Atelala anakasisita kaye, anapukuta fumbi ndi kansalu, n'kukwerapo, ulendo wa pamakina. Sanathokoze, sanandidzudzule. Akulowetsa ulusi m'singano anati, "Ine munthu akabwera ndi nsalu, ndisanagwire tepi ndimayamba ndamufunsa kuti chovalacho akupita nacho kuti."

Ndinakhala mpaka madzulo, ndikusokerera mabatani. Awiri ndinakhotetsa, anangowamasula.

Lachiwiri, 2 Julayi

Apampando aimba kanayi, sindinayankhe. Aona kuti kathabwa kulibe.

Mawa, ngati ndidzakhale ndikadali m'bungwe, ndikayeza abambo ena osoka nsapato. Fomu ndi yomwe ija. Kumunsi kwake ndawonjezera ndi cholembera: khomo, chimbudzi, pogwirira ntchito, chimene akufuna kusunga.

Foni ikuliranso. Ndiyankhe, ndiwauze kuti kathabwa sikabwereranso m'chipinda chija, ndipo...