Kaseti ya Atate

Lamlungu, mwezi wa Fevereiro, ku Fingoe. Tsiku la lero landilemera.

Atate pobwerera kuchokera ku Zambia anabwera ndi vidiyo ndi kaseti imodzi, ya ubatizo wanga. M'menemo ankaoneka akuseka, akuti, "Mwana uyu ngwamantha, akuopa ndi madzi omwe!" Chimwalirireni iwo, mawu awo tinkawamvera m'kasetimo basi.

Lero mlongo wanga Esnati amayimba ndi kwaya yawo pa televizau. Amayi ali ku Chiputo, mvula yadula msewu, ndiye ndinawalonjeza kuti ndiwajambulira adzaonere akadzabwera. Makaseti atsopano sagulitsanso. Ndinakumbukira kuti kumapeto kwa ya atate kunatsala malo, ndinamata kabowo kake ndi fita-kola, tepi yomatira ija, kuti kasetiyo ilole kujambula, n'kudina batani.

Ndinalakwitsa pawiri. Kasetiyo inali itabwezedwa poyambira, ine osayang'ana. Komanso chisinthireni televizau kukhala ya dijito, vidiyo siigwira kanthu payokha, chingwe chimayenera kuchokera ku dekoda. Ine ndinasiya cha ku mlongoti. Ati munthu wopita ku univesidade!

Nditabweza kuti ndione, munalibe Esnati, munalibenso atate. Munali timadontho tokhatokha ndi phokoso ngati mvula pa malata.

Mkazi wanga anangoti, "Bambo a Tina, nanga amayi muwauza bwanji?"

Pafoni sindingathe, ndingowalembera pompano. Amayi, Esnati anayimba bwino, anavala zoyera. Za atate mundikhululukire.

A Zakeyu oyandikana nafe akupita ku Chiputo wapansi mawa, aima pakhomopa. Ndikung'amba tsamba lomwe lino, ndilipinde, ndiwapatse akapereke kwa amayi.