Abusa Anunkhiza Zoyatsira Ndudu Zanga

Madaraka, Nairobi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo, kungoti tulo ndiye tasowa.

Paja mukudziwa kuti ndimasonkhanitsa zoyatsira ndudu zakale zapatebulo, zija zolumikiza kumagetsi. Chachisanu ndi chiwiri ndinagula mwezi watha kwa mzungu wina amene ankasamuka ku Muthaiga. Lachiwiri abusa athu anangotulukira mosayembekezereka. Asanakhale n'komwe, analunjika pashelefu ya kuseri kwa chitseko, n'kununkhiza chimodzi. Anadziwa bwanji pamene zimakhala? Ndikukayikira a Phiri, amene akhala akusirira udindo wanga wa mkulu wa mpingo.

"Bambo Mbewe, mwayamba fodya?" anafunsa abusa.

Chifukwa cha mantha ndinati ndimayatsira kandulo magetsi akazima. Anayang'ana chingwe chake, n'kundiyang'ana ine. "Magetsi akazima?"

Sindinasutepo, achimwene, koma tsopano ndanamiza abusa, ndipo Lamulungu sanandipatse kuwerenga Mawu.

A Phiri akubwera kumudziko sabata yamawa. Chonde mukaonane ndi amayi athu a Phiriwo asanafike, mukawauze kuti ine fodya ayi. Za bodzalo ndikapepesa ndekha kwa abusa.

Ambuye akusungeni nonse.

Mng'ono wanu,
Laston