Thovu Lanu Silinaphe Chinzonono

Achimwene a Ishmael,

Muli bwanji ku Domasiko? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ku Bangwe ndili bwino, mtima wokha ndiwo ukuwira. Akundilembera kalatayi ndi a Naima oyandikana nawo nyumba, ndipo ndawauza kuti asafewetse mawu anga.

Mwana wanga Kizito wandiululira zonse. Atabwera kumeneko mu Ogasiti akudwala chinzonono, anathamangira kwa inu amalume ake. Inu m'malo momutumiza kuchipatala munakamugulira kabotolo pa Songani, mankhwala otsukira mabala aja, n'kumuuza kuti akaona thovu ndiye kuti matenda akufa. Udokotala umenewu munauphunzira kuti, achimwene?

Lachiwiri ndinamukokera ndekha kuchipatala, munthu wandevu, kondakitala wa minibasi, akulira pokodza. Adokotala atamva za kabotoloko anapukusa mutu. Akuti thupi lathuli limachita kale zomwezo: asilikali a m'magazi akapeza kachilombo amakathira mankhwala owotcha a mtundu womwewo. Koma ka chinzonono kanazolowera kalekale. Kamapanga zakezake zoswa mankhwalawo, n'kuwasandutsa madzi ndi mpweya basi. Thovu limene munkaliombera m'manja lija ndi mpweya umenewo. Inu mumati mukukapha, iko kakusamba.

Kizito amubaya jakisoni, achira. Amene akundisowetsa mtendere ndi mkazi wake Tikondane, ali uko kwa amayi ake kwa Malemia ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Kizito anakhala naye sabata yonse akukhulupirira thovu lanulo. Adokotala akuti kwa mkazi matendawa amatha kubisala osamva kanthu, koma mwana pobadwa amamulowa m'maso, mpaka khungu. Mdzukulu wanga woyamba, achimwene.

Kizito wamuimbira foni kawiri, koma za matendawa osatchula, amangofunsa za mpunga kudimba. Ndiye pempho langa ndi limodzi. Musadikire tsiku la sikelo. Mawa lomwe mutengane ndi alamu, mukamuuze Tikondane dzina la matendawa osazungulira, mupite naye kuchipatala, ndipo za kabotolo muziulule nokha pamaso pa amayi ake. Akakana kumuonanso Kizito musamukakamize. Mwana akabadwa akupenya, kukagwada pakhomo pawo ndidzapita ndine.

Moni kwa alamu, kwa azakhali a Joanna ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu,
Dina