Matikiti Atatu a Anthu Awiri

Lolemba, 3 Juni

Alendo akufuna ulendo. Ndimawatchula choncho bambo anga muno m'kope, chifukwa ndi mlendo ndithu. Anachoka ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anabwerera ndili mayi wamkulu, dzanja limodzi lili lende chifukwa cha sitiroko, mkazi wawo wachiwiri atawaponyera chikwama panja. Amayi n'kuti atagona kale kumanda. Chaka chachitatu tsopano, iwo pabedi langa, ine pamatiresi pabalaza.

M'mawa ndikuwapatsa mapiritsi akuti, "Ndikufuna ndikaone chilumba chimene ndinkagwirako ntchito ndili mnyamata. Masiku atatu basi." Ndati kuchimbudzi komweku ndimachita kukugwirani mkono, ndiye chilumba? Angomeza mapiritsiwo.

Ndaimbira achimwene. "Apititse, mlongo, mwina n'komaliza." Iwo amasamala bambo pafoni, kawiri pachaka.

Lachitatu, 5 Juni

Abwana kushopu ya mankhwala andipatsa masiku atatu, nkhope ngati ndawapempha impso.

Ndafunsa za mayendedwe. Chombo chachikulu chimanyamuka Lachinayi m'mawa, maola asanu ndi limodzi, mabenchi ndi chimbudzi zilimo, kubwerera Loweruka. Kamodzi pasabata. Ukachiphonya wachiphonya. Ndiye pali boti la injini, tsiku lililonse, maola awiri okha, anthu pamwamba pa matumba a simenti. Kasitomala wina, woyendetsa lole, akuti, "Achemwali, limene lija umatsika utalapa machimo onse, ndi a anzako omwe." Ine kusambira sindidziwa. Boti limenelo sindingakwere ngakhale atandimanga.

Ati kandege kaliponso. Ka ana amene bambo awo sanathawe.

Chombo basi.

Loweruka, 8 Juni

Alendo andiuza malo okaona, ine n'kumalemba kuseri kwa lisiti. Shedi yapadoko momwe ankakonzera mainjini. Nsanja ya nyali pamwamba pa phiri. Nyumba ya masisitere yosungira okalamba, ati kuli mnzawo wakale. Ndafunsa dzina la mnzawoyo, akuti sindingamudziwe. Zoona, zawo ndimadziwa ziti ine?

Pachilumbapo ati pali njinga zamoto ndi galimoto imodzi yapamtunda. Munthu wa dzanja limodzi panjinga yamoto, ndikamutole m'ngalande? Tidikira galimotoyo. Nsanja ndaifufuta. Masitepe oposa zana. Aona ndikufufuta, osanena kanthu.

Kukhala chete kumeneku kunayamba mwezi wa Epulo. Tsiku lija ananyowetsa bedi kachitatu, ine ndikuchedwa kuntchito, madzi atasiya kutuluka pampopi. Ndinati, "Amayi anafa akukudikirani, inu ndiye mukukana kufa." Ndinanena, inde. Sindinaname.

Lachiwiri, 11 Juni

Matikiti akagula okha. Ati okalamba amawachotserako akaonekera pamaso. Awaperekeza atelala a khomo loyandikana, amene masiku ano angokhala kunong'onezana nawo ngati akufunsirana mbeta. Envelopu ya matikitiwo aibisa m'thumba la jekete, kuigwira ngati chiphaso cha nyumba.

Kulongedza kwake! Malaya onse anayi, bulangete, wailesi, kapu yawo yachitsulo, chithunzi cha amayi chimene ndinawaletsa kuchikhudza. Ndati masiku atatu mwanyamula ngati mukusamuka, adzasenze ndani? Akuti kumazizira. Wosenza ndi ine, n'zodziwikiratu.

Mapiritsi ali m'chikwama changa cham'manja monga mwa masiku onse. Ndikawasiyira, amaiwala kapena kumwa kawiri.

Lachinayi, 13 Juni

Tafika. Chipinda cha alendo, mabedi awiri, chidebe pakona, khoma la chinyezi.

M'chombo ine ndi amene ndinadwala. Kusanza mpaka ndulu. Iwo chilili pachitsulo cham'mbali, kumvetsera injini, ati ikugunda molakwika, mafuta sakukwera bwino. Munthu woiwala ngati wadya, koma kulira kwa injini akukumbuka. Nditawerama anandigwira pamsana ndi dzanja labwinolo, kusisita. Ndinalichotsa. Dzanja limenelo ndinkalifuna ndili mwana.

Envelopu anapereka okha kwa woona matikiti, atandifulatira.

Lachisanu, 14 Juni

Shedi ija mulibe ngakhale sipanala. Mbuzi ndi maukonde owola. Anaima pakhomo nthawi yaitali, n'kuti tiye.

Galimoto inabwera mochedwa, ife kumbuyo ndi makatoni a sopo. Bulangete ndi chikwama anakakamira kuti tinyamule, ati mphatso za mnzawo.

Nyumba ya masisitere. Chipinda chachitali, mabedi asanu ndi atatu, fungo la mkodzo ndi mankhwala okolopera, fungo la kwathu lomwe lija. Sisitere wamkulu, wamfupi wa magalasi, anandigwira manja onse awiri. "Ndinu mwana wawo uja? Bedi lawo takonza, la pawindo, monga anapemphera m'kalata."

Kalata. Zitatu, kuyambira Epulo. Wowalembera, atelala. Mnzawo wakale kulibe, sanakhalekonso.

Alendo aja ndinawakokera pakhonde. Ndinatsegula envelopu ndi manja anga. Matikiti awiri obwera, obooledwa kale. Yobwerera imodzi.

Akuti, "Mwana wanga, wavutika mokwana. Ukagone pabedi lako." Ndati musandinamize kuti ndi mphatso. Mwandithawanso kachiwiri, kungoti ulendo uno mwandisenzetsa chikwama mpaka kothawirako. Akuti, "Poyamba paja ndinathawa, sindikana. Pano ndikukumasula." Ndati amene anakuuzani kuti ndimafuna kumasulidwa ndi inu ndani? Anandiyang'ana. Ndinadziwa chimene akukumbuka. Sanachitchule. Bola akanatchula, tikanakangana bwinobwino.

Sisitere anandionetsa kabati ya mankhwala, poona kuti ndi ntchito yanga. Mabandeji, opha ululu, basi. A kuthamanga kwa magazi anatha, ati mwina abwera ndi chombo cha sabata yamawa. Ndinamva, koma mutu unali utatentha. Ndinatuluka osatsanzika. Ulendo wapansi mpaka kuchipinda cha alendo, ola lathunthu, nsapato yaduka.

Akhale. Si zimene ndinkapempha?

Loweruka, 15 Juni

M'chombo. Benchi yonse yanga. Sindinapite kukawaona m'mawa, iwonso sanatumize mawu. Tafanana, magazi ndi amodzi.

Nsanja ija ikuoneka bwino kuchokera pamadzi. Yoyera, yaing'ono. Mwina tikanakwera pang'onopang'ono, kupuma masitepe khumi alionse. Tsiku lonse linalipo.

Ndasanzanso. Mayi wina wandipatsa madzi, akuti muli nokha? Ndati kuyambira kale.

Lamulungu, 16 Juni

Ndinagona pamatiresi pomwe paja. Bedi likununkha iwo.

Atelala andiona ndikutaya madzi, athawira m'nyumba ndi tepi yoyezera m'khosi. Achita bwino. Achimwene pafoni, "Mwinatu n'zabwino kwa tonse." Tonse ndani? Ndadula.

Lamulungu ndi tsiku lodzaza kabokosi ka mapiritsi. Manja anangopita okha m'chikwama. Kali momwemo. Lachisanu madzulo, Loweruka, lero, zonse zili phee m'zipinda zake. Mabotolo onse atatu alinso ndi ine. Masiku awiri osamwa. Dokotala ananena kuti sitiroko yachiwiri sichenjeza.

Foni ya masisitere sikulowa. Ndayesa kasanu ndi kawiri. Chombo mpaka Lachinayi.

Ndingathe kupatsira woyendetsa boti. Koma akafika angawauze ndani kuti koyera n'kam'mawa, kofiira sakumwa osadya? Sisitere ali ndi anthu asanu ndi atatu. Ndipo iwo aja ukapanda kuwaima pamutu amabisa pansi pa lilime.

Mawa ndi ntchito. Abwana ananeneratu kuti ndikapitirira masiku atatu aja ndisabwerenso.

Sindinawakhululukire. Ndilembe pano kuti ndisadzanamizidwe ndi mtima wanga.

Ndili padoko. Mphepo, madzi akuda bii, mafunde akumenya khoma. Akukweza simenti m'boti la injini lija. Majekete opulumukira ndawerenga asanu, anthu tapitirira makumi awiri. Woyendetsa akukuwa, "Achemwali a kope, mukukwera kapena mukulemba mayeso?"