Kola wa Napari

Lolemba, 11 Novembala
Basi, zatsimikizika. Alhaji Ziblim, eni wailesi, atiitana n'kunena kuti Lachisanu tikutseka. Otsatsa malonda anatithawa, a maliro masiku ano amalengeza pa foni, jenereta nayo imamwa mafuta ngati chidakwa. Malipiro a mwezi uno atipatsa nkhanga ziwiriziwiri. Zanga zalira msika wonse wa Yendi, anthu n'kumati wapeza anzake olongolola.

Lachiwiri, 12 Novembala
Napari wokonza njinga zamoto wabwera ndi uthenga wake wa masiku onse: moni kwa Mma Sanatu ogulitsa phala pa siteji, Mulungu adalitse mphika wawo. Ndakhala ndikuuwerenga m'mawa uliwonse chimwalirireni amuna awo a mayiwa. Koma akapita kokagula phalalo, bambo wamkulu ndi ndevu zake, amangoloza ndi chala.

Ndamuuza za Lachisanu. Wangokhala pansi pakhomo, manja m'khosi. Kunena zoona ndamumvera chisoni kuposa ine amene ntchito ikundithera.

Lachitatu, 13 Novembala
Magetsi kulibe, mafuta kulibe. Nkhani za lero ndawerengera nkhanga.

Lachinayi, 14 Novembala
Mma Sanatu andiimitsa pa siteji, chipande chili m'manja.

"Inu a pawailesi, ndiye moni wanga uja uzidzera kuti?"

Ndati mwina pa foni.

"Foni? Ndine mwana wa sukulu ine? Kamuuzeni mnzanuyo kuti mkazi safunsiridwa ndi mlongoti wa wailesi. Achimwene anga alipo, ndipo mtedza wa kola pamsika sunathe."

Ndathamangira kwa Napari. Atamva wagwetsa sipanala. Kuno mbeta amafunsira ndi kola, akalandiridwa ndiye kuti avomera. Vuto ndi loti mwamuna sapereka yekha kolayo kwa eni mbumba, pamafunika wamkulu womuyankhulira, pomwe abale ake onse ali ku Kumasi. Wandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mwanyamula moni wanga zaka zonsezi. Kola ndiye angakulemereni?"

Ndikanakana bwanji?

Lachisanu, 15 Novembala
Tatseka. Uthenga womaliza unali wa Napari, ndauwerenga pang'onopang'ono. Alhaji azimitsa okha makina. Ndinalira, sindibisa. Nawonso maso anafiira, koma amati ndi fumbi.

Madzulo tagula kola woyera, wamkulu bwino. Napari amanunkhiza aliyense ngati akugula nyama.

Loweruka, 16 Novembala
Nthawi imene ndimakhala pa mayikolofoni, lero ndinali nditanjuta kwa Afa Neindow, achimwene awo a Mma Sanatu, nsapato zili panja, kola ali m'manja. Chigawo chonse ndachiyankhula osaona nkhope ya munthu. Apa akuluakulu ali pamphasa maso onse pa ine, mawu onse amene ndinakonza usiku anabalalika. Ndinadziwa kuti ndikaphonyetsa, Napari abwerera koloza phala ndi chala mpaka imfa.

Pakamwa panangoyamba pokha: "Omvera athu okondedwa, kulikonse komwe muli..."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Kenako mkulu wina anaphulika ndi phwete, onse n'kutsatira, Afa Neindow mpaka chipewa kugwa.

"Pitirizani mwana wanga," iwo anatero akupukuta misozi, "sitinasinthe siteshoni."

Kuseri kwa khoma kunamveka mawu a Mma Sanatu: "Kwezani mawu inu, kuno sizikumveka bwino!"

Ndinakweza. Afa Neindow anatambasula dzanja n'kulandira kola.